Phunziro 4: Tsiku Loyamba Mwana Akatentha Thupi

M'phunziro lino tikambirana zinthu zitatu: chifukwa chake malungo a mwana sadikira, zoyenera kuchita m'maola 24 oyamba mwana akatentha thupi, ndiponso mmene mungatetezere mwana wanu kuyambira ali m'mimba. Mungaliwerenge panokha, kapena pamodzi ndi anzanu pa tsiku la sikelo. Ngati pakhomo pali abambo a mwana kapena agogo, aitaneni amve nawo.

Zimene mukudziwa kale

Tikamacheza ndi amayi ku Chimwemwe ndi ku Buchi mu Kitwe, kapena ku Chifubu ndi ku Lubuto mu Ndola, timayamba ndi funso ili: kodi malungo amabwera ndi chiyani? Yankho silichedwa: udzudzu. Tikafunsa za neti, amayi amadziwa kuti mwana ndi mayi woyembekezera ayenera kugonamo. Amayi a kumafamu a ku Masaiti, Mpongwe ndi Lufwanyama amayankhanso chimodzimodzi, monganso agogo amene achokera ku Chipata, Katete kapena Petauke kudzathandiza kulera mdzukulu.

Koma tikafunsa kuti, "Nanga mwana wanu atatentha thupi ulendo watha, munafika naye kukiliniki tsiku liti?" mayankho amasintha. Wina amati tsiku lachiwiri. Wina amati lachitatu, ataona kuti Panado sakuthandiza. Wina amati anadikira kuti abambo abwere ku ntchito. Apa m'pamene pali vuto lathu. Nzeru tili nazo, koma tsiku loyamba la matenda limatitayika.

Taganizirani izi. Ndi Lachisanu madzulo. Mwabwera kumsika wa Chisokone kapena wa Masala mutatopa, ndipo mwapeza mwana wanu wa miyezi 10 akutentha thupi. Mwatuma mkulu wake kukantemba kukagula Panado. Usiku thupi lazizira, mwana wagona. Loweruka m'mawa wayamwa pang'ono, ndipo inu mwapita kukagulitsa chifukwa tomato sadikira. Madzulo kutentha kwabweranso. Lamlungu mwanena mumtima kuti tidzapita Lolemba. Usiku wa Lamlungu mwana wakomoka. Palibe amene anganene kuti mayi ameneyu sakonda mwana wake. Chilichonse chimene anachita chinali ndi chifukwa chake. Koma masiku awiri aja ndi amene anapatsa malungo mpata.

Chifukwa chake malungo a mwana sadikira

Udzudzu waukazi wa mtundu wa Anopheles ukaluma mwana usiku, umasiya tizirombo m'thupi mwake. Tiziromboti timayamba takhala m'chiwindi kwa masiku angapo, mwana akusewera bwinobwino. Kenako timalowa m'magazi, m'kati mwa maselo ofiira, n'kumaberekana mmenemo. Pafupifupi masiku awiri alionse maselo aja amaphulika, ndipo tizirombo tatsopano tambirimbiri timalowa m'maselo ena. N'chifukwa chake kutentha thupi kumabwera n'kupita. Thupi likazizira sikuti matenda atha. Tizirombo tikuchulukabe.

Pafupifupi malungo onse a muno m'Zambia amayamba ndi kachirombo kotchedwa Plasmodium falciparum, komwe ndi koopsa kuposa mitundu ina yonse. Malungo a mtundu umenewu akapanda kuchizidwa, angafike poipa m'maola 24 okha. Munthu wamkulu amene wadwalapo malungo kambirimbiri thupi lake limakhala litazolowerako kulimbana nawo. Mwana wamng'ono alibe chitetezo chimenecho, ndipo magazi ake ndi ochepa. Maselo ofiira akawonongeka, magazi amachepa msanga. Tizirombo tikatseka timitsempha ta mu ubongo, mwana amakomoka. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti pa anthu anayi alionse amene amafa ndi malungo mu Africa, pafupifupi atatu ndi ana osakwana zaka 5.

Choncho lamulo lake ndi ili: mwana wosakwana zaka 5 akatentha thupi, akayezedwe tsiku lomwelo, maola 24 asanathe.

Khanda losakwana miyezi iwiri

Khanda lili ndi lamulo lakelake, ndipo ndi lokhwima kuposa la mwana wokulirapo. Khanda losakwana miyezi iwiri likatentha thupi, musanene kuti ndi malungo chabe, ndipo musalipatse mankhwala alionse kunyumba. Pa msinkhu umenewu kutentha thupi nthawi zambiri kumasonyeza kuti tizirombo tina talowa m'magazi, m'mapapo kapena pamchombo, ndipo matenda amenewa amathamanga kwambiri. Nyamukani nthawi yomweyo, kaya ndi usiku kaya kukugwa mvula.

Pitani nalo kuchipatala mwamsanga mukaona chimodzi mwa izi:

1. Thupi latentha, kapena lazizira kwambiri ngakhale mwalifunditsa. Pa kachipangizo koyezera, ndiye kuti madigiri 37.5 kapena kuposerapo, kapenanso kutsika pansi pa 35.5.
2. Likukana bere, kapena likuyamwa mofooka pamene linkayamwa bwino.
3. Likupuma mofulumira, ka 60 kapena kuposerapo pa mphindi imodzi, kapena chifuwa chikulowa m'kati kwambiri likamapuma.
4. Lakomoka, kapena manja, miyendo ndi nkhope zikugwedezeka zokha.
5. Langoti lefuu, silitakataka pokhapokha mutaligwedeza.
6. Pamchombo pafiira, pakutuluka mafinya kapena pakununkha.
7. Maso, zikhatho kapena kumapazi kwachita chikasu.

Panjira lifungatireni pachifuwa panu, khungu kukhudzana ndi khungu, livekeni chipewa, ndipo muziliyamwitsa ngati likutha kuyamwa.

Ambiri a ife timasunga mwambo wa chikuta, woti mayi ndi khanda akhale m'nyumba mpaka mchombo utagwa. Mwambowu uli ndi ubwino wake: mayi amapuma, khanda limafunda, ndipo siligwiridwa ndi anthu ambiri. Koma chikuta chisatseke njira ya kuchipatala. Inu agogo ndi apongozi, khanda likaonetsa chizindikiro chimodzi mwa zimene tatchulazi, khalani oyamba kunena kuti tiyeni tinyamuke. Ndipo ngakhale khanda lili bwino, mayi abwerere nalo kukiliniki pa masiku amene anamwino anamuuza atachira, makamaka m'sabata yoyamba ndi pa masabata 6. Pamchombo pazikhala poyera ndi pouma. Musaikepo phulusa, mafuta, dothi kapena mankhwala a zitsamba.

Mwana wa miyezi iwiri mpaka zaka 5

Mwana wa msinkhu umenewu akatentha thupi, chitani izi:

Choyamba, muvuleni zovala zokhuthala ndipo musamufunditse mabulangete ambiri. Mungamupukute ndi kansalu konyowetsedwa m'madzi ofunda pang'ono, osati ozizira.

Chachiwiri, pitirizani kumuyamwitsa pafupipafupi. Ngati wapitirira miyezi 6, mupatseninso madzi abwino akumwa ndi phala pang'onopang'ono. Wosakwana miyezi 6 apatsidwe bere lokha.

Chachitatu, tengani khadi la sikelo n'kupita kukiliniki tsiku lomwelo. M'madera ambiri a kumidzi muli anthu odzipereka a zaumoyo amene anaphunzitsidwa kuyeza malungo ndi kupereka mankhwala. Ngati alipo pafupi nanu, yambirani kwa iwo.

Kuyeza sikutenga nthawi. Amatenga kadontho ka magazi pachala kapena pachidendene, ndipo zotsatira zimatuluka pakatha mphindi 15 kapena 20. M'makiliniki a boma, kuyeza malungo ndi mankhwala ake n'zaulere.

Kuyeza n'kofunika chifukwa si kutentha thupi kulikonse kumene kuli malungo. Chibayo, matenda a m'khutu, zilonda za pakhosi, chikuku ndi matenda a m'chikhodzodzo nazonso zimatenthetsa thupi. Mukapatsa mwana wa chibayo mankhwala a malungo, chibayocho chimapitirira. Choncho akakuuzani kuti malungo sanapezeke, musakhumudwe kapena kupita kukagula Coartem kwina. Funsani kuti, "Nanga chikumutenthetsa thupi n'chiyani? Ndibwerenso liti?" Paja safunsa anadya phula.

Pali zizindikiro zina zimene sizilola ngakhale kudikira kuti kuche. Mwana akalephera kuyamwa kapena kumwa, akamasanza chilichonse, akakomoka, akamangogona osadzuka bwinobwino, akamapuma movutikira, zikhatho ndi m'kati mwa zikope mukayera, kapena mkodzo ukada kwambiri, thamangani naye. Mukafika, musaime pamzere. Uzani anamwino pomwepo zimene mwaona. Malungo aakulu amachizidwa ndi jakisoni wa artesunate, ndipo nthawi zina mwana amafunika kuwonjezeredwa magazi. Kiliniki ikaona kuti m'pofunika, imatumiza mwanayo ku chipatala chachikulu, monga Arthur Davison Children's Hospital ku Ndola kapena Kitwe Teaching Hospital. Akakupatsani kalata yotumizira, pitani nthawi yomweyo. Musayambe mwabwerera kunyumba kukaganiza.

Mwana akakomoka muli kunyumba, mugonekeni chammbali. Musamuike supuni kapena chala m'kamwa, musamumwetse kanthu, ndipo musamufukize utsi. Munyamuleni mupite naye.

Zimene zimatichedwetsa

Tiyeni tione zinthu zimene zimadya tsiku loyamba lija.

Panado. Mankhwalawa amatsitsa kutentha ndi kuchepetsa ululu, koma sapha kachirombo ka malungo ngakhale kamodzi. Mwana amaoneka ngati wachira kwa maola angapo pamene matenda akukula. Ngati mwamupatsa Panado, pitanibe kukiliniki ndipo mukanene nthawi imene munamupatsa. Aspirin musapatse mwana.

"Akumera mano." Mano amayamba kumera mwana ali ndi miyezi pafupifupi 6, nthawi yomweyo imene chitetezo chimene anabadwa nacho kuchokera kwa mayi chimakhala chikutha. N'chifukwa chake malungo ndi mano zimakumana kawirikawiri. Mano angachititse mwana kulira ndi kutuluka dovu, koma kutentha thupi kwenikweni kumafunika kuyezedwa.

Mauka, tsempho ndi liwombo. Kwathu kum'mawa, mwana akamadwaladwala akuluakulu ena amati ndi mauka a mayi ake, kapena amati watsemphedwa. Liwombo likalowa amalipaka mankhwala. Sitikunyoza makolo athu, pakuti anatilera pa nthawi imene zipatala zinali kutali. Koma lero tikudziwa kuti liwombo limalowa madzi akachepa m'thupi chifukwa cha kutsegula m'mimba, kusanza kapena kutentha thupi, ndipo likatupa ndi chizindikiro cha matenda oopsa a mu ubongo. Nkhani za m'banja mudzakambirana mwana atayezedwa kale. Malungonso sabwera chifukwa chodya mango osapsa, nzimbe kapena kunyowa ndi mvula. Zimenezi zimangopezeka pa nyengo imodzi ndi udzudzu.

Mankhwala otsala. Mapiritsi amene anatsala pamene mkulu wake ankadwala si mlingo wa mwana uyu. Ndipo ngati anatsala, ndiye kuti mkulu wakeyo sanamalize.

Kudikira chilolezo ndi ndalama. Abambo ambiri pa Copperbelt amagwira ntchito usiku kumigodi, ena amakhala paulendo masiku angapo. Inu abambo, gwirizanani ndi akazi anu lero kuti mwana akatentha thupi asadikire kuti mubwere. Sungani pambali ndalama ya minibasi kapena takisi, yosakhudzidwa ngakhale ndiwo zitasowa. Dziwani kiliniki yapafupi imene imatsegula usiku ndi pa Loweruka ndi Lamlungu. Dziwaninso mnansi amene angatsale ndi ana ena kapena kukuperekezani mumdima. Kumidzi, a gulu la SMAG amathandiza pa zimenezi.

Mmene mungaperekere Coartem

Malungo akapezeka, mwana amapatsidwa Coartem. Zambia inali dziko loyamba mu Africa kusankha mankhwalawa kuti akhale oyamba kuperekedwa m'dziko lonse, chlorokwini atasiya kugwira ntchito kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Kuti Coartem apitirize kutithandiza, tiyenera kumugwiritsa ntchito moyenera.

Mankhwalawa amamwa ka 6 m'masiku atatu. Mlingo woyamba amamwera kukiliniki. Wachiwiri amamwa pakatha maola 8. Tsiku lachiwiri ndi lachitatu amamwa m'mawa ndi madzulo. Kuchuluka kwa mapiritsi kumatengera kulemera kwa mwana, n'chifukwa chake amayamba amuika pasikelo. Mupatseni mankhwala pamodzi ndi bere, mkaka, kapena phala lothira nsinjiro, chifukwa mafuta a m'chakudya amathandiza kuti mankhwala alowe bwino m'thupi. Akasanza atangomwa kumene, mlingo umenewo uyenera kubwerezedwa, ndipo mubwerere kukiliniki kuti akakuwonjezereni mapiritsi.

Ana ambiri amayamba kusewera tsiku lachiwiri. Apa m'pamene amayi ena amasiya n'kusunga otsalawo. Musatero. Tizirombo totsala timachulukanso ndipo malungo amabwerera. Malizani milingo yonse 6. Ngati mwana sakusintha pakatha masiku awiri kapena atatu, kapena mwaona chizindikiro choopsa, bwererani naye mwamsanga.

Chitetezo chimayambira m'mimba

Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Mayi woyembekezera akhoza kukhala ndi tizirombo ta malungo osamva kudwala kulikonse. Tiziromboti timabisala m'nsengwa, mmene mwana amalandirira chakudya. Zotsatira zake ndi kuchepa kwa magazi kwa mayi, kupita padera, kubereka masiku asanakwane, kapena kubereka mwana wosakwana makilogalamu 2.5. Mwana wochepa thupi chotere amavutika kufunda ndi kuyamwa, ndipo amadwala msanga.

Choncho yambani sikelo ya amayi oyembekezera mutangozindikira kuti muli ndi pakati, miyezi itatu isanathe. Musadikire kuti mimba ioneke. Miyezi itatu yoyamba ikadutsa, mudzayamba kulandira Fansidar, mapiritsi atatu nthawi imodzi, amene mumamwa pamaso pa anamwino. Mumamwanso pakatha mwezi uliwonse mpaka kuchira, ndipo isachepere milingo itatu. Mayi amene akumwa Septrin tsiku ndi tsiku chifukwa cha HIV samwa Fansidar, choncho auzeni anamwino mankhwala onse amene mukumwa. Kusikelo komweko mudzalandiranso neti ndi mapiritsi owonjezera magazi.

Neti ndi kupopera nyumba

Neti yatsopano iyanikeni pamthunzi tsiku limodzi musanayambe kugonamo. Ipachikeni bwino ndipo muziipinda pansi pa matiresi kapena mphasa kuti pasakhale mpata. Khanda lizigona m'neti kuyambira usiku woyamba. Mugonemo usiku uliwonse chaka chonse, ngakhale mu October kukatentha kapena mu June udzudzu ukaoneka ngati watha. Ana aang'ono aloweni m'neti msanga, asamagone pakhonde kapena pampando akuluakulu akucheza mpaka usiku. Neti ikang'ambika isokeni. Ikada ichapeni pang'onopang'ono ndi sopo wamba, n'kuiyanika pamthunzi, osati padzuwa. Neti si yotchingira dimba, si yomangira khola la nkhuku, ndiponso si yophera nsomba mu Kafue.

Opopera mankhwala m'nyumba amabwera mvula isanayambe. Alandireni. Tulutsani chakudya, madzi ndi ziwiya, ndipo ana ndi ziweto akhale panja kwa maola osachepera awiri. Kenako tsegulani zitseko ndi mawindo, sesani tizilombo takufa n'kutitaya m'chimbudzi chokumba kapena kutikwirira. Musatsuke, kupaka utoto kapena kuzira makoma pambuyo pake, chifukwa mankhwala amene ali pakhomapo ndi amene amapha udzudzu ukaterapo.

Madzi odikha pafupi ndi nyumba

Matauni athu ano ali ndi phunziro lawolawo pa nkhani ya malungo. Cha m'ma 1929 ndi 1930, pamene mgodi wa Roan Antelope unkatsegulidwa ku Luanshya, antchito ambiri ankadwala ndi kufa, moti anthu ankati mumtsinje wa Luanshya muli njoka imene ikuwapha. Eni mgodi anapempha nzeru kwa Sir Malcolm Watson wa ku Ross Institute ya ku London. Analambula mtsinje kuti madzi aziyenda, anakumba ngalande m'madambo, ndipo anaika mawaya otchinga udzudzu m'mawindo a nyumba. M'zaka zochepa chabe imfa za malungo zinatsika kwambiri, ndipo migodi ya Nkana, Mufulira ndi Nchanga inatsatira njira yomweyo.

Udzudzu wa malungo umaswana m'madzi odikha, ndipo dzira limasanduka udzudzu wouluka m'sabata imodzi kapena ziwiri. Kuyambira November mpaka April madzi otere amakhala paliponse: m'maenje oumbira njerwa, m'ngalande zotsekeka, m'mapazi a matayala pamsewu, ndi m'madimba a m'mbali mwa Kafubu ndi dambo la Itawa. Dambo simungaliumitse nokha, koma dzenje la kuseri kwa nyumba yanu mungalikwirire, ndipo inu ndi anansi anu mungatsegule ngalande ya mumsewu wanu. Kumbukirani kuti zimenezi zimathandiza neti, sizilowa m'malo mwake.

Mafunso obwereza

1. N'chifukwa chiyani kuzizira kwa thupi mwana atamwa Panado sikutanthauza kuti wachira?
2. Khanda la masabata atatu latentha thupi usiku. Kodi mungachite chiyani, ndipo simuyenera kuchita chiyani?
3. Tchulani zizindikiro zisanu zoopsa kwa mwana wa chaka chimodzi.
4. Coartem amamwa kangati, ndipo mlingo wachiwiri umaperekedwa pakatha maola angati?
5. Mayi woyembekezera amene sakumva kudwala amamweranji Fansidar?
6. Pa nkhani ya mayi wa kumsika ija, ndi nthawi iti imene akanayenera kunyamuka?

Zochita sabata ino

Musanagone lero, yang'anani neti ya mwana wanu ngati ili ndi zibowo. Funsani kukiliniki yanu ngati imatsegula usiku, ndipo ngati sitsegula, akuuzeni ina yapafupi. Ikani khadi la sikelo ndi ndalama yoyendera pamalo amodzi amene aliyense wamkulu pakhomo akuwadziwa. Kenako khalani pansi ndi abambo a mwana, agogo ndi aliyense amene amatsala ndi mwanayo inu mukachoka, mugwirizane kuti akadzatentha thupi, amene ali naye pa nthawiyo ndi amene adzapite naye kukayezetsa tsiku lomwelo.